MUBAS kapena MUST? Momwe mungasankhire kokaphunzira uinjiniya

Zotsatira za MSCE zikangotuluka, pakhomo pamene mwana wakhoza bwino masamu pamasanduka bwalo la milandu. Amalume akuti apite ku Poly, yomwe pano ndi MUBAS, poti ndi kumene mainjiniya onse omwe iwo akuwadziwa anadzera. Achemwali akuti MUST, mwaziona nyumba zake? Mwini fomu yofunsira malo ku yunivesite ali phee. Ngati mwini fomuyo ndinu, tsatani izi musanalembe kalikonse.

Choyamba, tchulani uinjiniya wake. Ambiri amayambira pa dzina la sukulu, ndipo m'pamene amasokera. Zambiri zimene masukulu awiriwa amaphunzitsa sizofanana. MUBAS (Malawi University of Business and Applied Sciences) ya ku Chichiri mumzinda wa Blantyre, yomwe inali The Polytechnic kuyambira 1965 mpaka pamene inachoka pansi pa University of Malawi mu 2021, ndi kwawo kwa civil, electrical ndi mechanical, komanso zamigodi. MUST (Malawi University of Science and Technology), yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 2014 ku Ndata m'boma la Thyolo, inatenga mbali ina: chemical, manufacturing ndi textile. Ngati mtima wanu uli pa misewu, milatho kapena mawaya a magetsi, mkangano wathera pomwepa, ulendo ndi wa ku Chichiri. Ngati mumafuna kudziwa momwe nzimbe imasandukira shuga kapena momwe amapangira feteleza ndi simenti, yang'anani ku Thyolo.

Pamavutira m'pamene masukuluwa akumana. Biomedical engineering, ya makina a m'zipatala, iliko konse kuwiri. Metallurgy nayonso iliko konse, koma werengani dzina lonse: ya ku MUBAS ikupendekera ku kuyenga miyala ya m'migodi, ya ku MUST ku zitsulo ndi zipangizo zopangira katundu. Wolota migodi ya Kayelekera kapena Kangankunde asangoona mawu oyamba n'kuchonga.

Chachiwiri, dziyezeni moona. Kusankhira ophunzira ku mayunivesite a boma kumadzera ku NCHE, bungwe loyang'anira maphunziro a m'mayunivesite ndi m'makoleji, ndipo fomu ndi imodzi. Pamafunika makrediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, koma pa uinjiniya maso amakhala pa masamu, Physics ndi Chemistry. Munthu akhoza kukhala ndi mapointi okoma chifukwa cha Agriculture ndi Bible Knowledge, masamu ali pa 5, n'kudabwa kuti mnzake wa mapointi ochuluka watengedwa. Werengani chilengezo cha chaka chomwecho, osati zimene mkulu wanu anakumana nazo, chifukwa zofunika zimasintha. Pologalamu ya pamtima ikhale pamwamba, ndipo m'munsimo ikaniponso ina yomwe mpikisano wake ndi wocheperako.

Chachitatu, werengerani za pogona ndi pamimba, osati fizi yokha. Apa ndichedwapo, chifukwa digiri ya uinjiniya ndi zaka zisanu, ndipo ambiri amene amavutika sikuti mutu wawakana.

MUBAS ili pakati pa mzinda, m'mphepete mwa msewu wa Masauko Chipembere. Mahositelo sakwanira onse, choncho ambiri amachita lendi ku Chitawira, Nkolokosa kapena Ndirande. Zikutanthauza kudzuka m'mamawa, chikwama kumsana, kuyenda wapansi kapena kulimbana ndi minibasi, n'kubwerera usiku mutatuluka m'laibulale. Lendi ya Blantyre sisekerera mwana wasukulu. Komabe ngati muli ndi azakhali ku Zingwangwa omwe angakusungeni, theka la mtolo latsika, ndipo m'tauni kaganyu kophunzitsa ana masamu madzulo sikasowa.

Ku Ndata ndi kwina. Sukulu ili kumudzi kufupi ndi Goliati, kuli bata, zosokoneza n'zochepa, ndipo kwa wofuna kungoika mutu m'mabuku ndi malo abwino. Koma chilichonse cha m'tauni chimafuna thiransipoti yopita ku Limbe, ndipo mu Juni chiperoni chikatsika mudzalifuna bulangeti lachiwiri. Amene sanapeze malo m'kati amachita lendi m'midzi yozungulira. Khalani pansi ndi makolo, cholembera m'manja, muwerengere mwezi umodzi kuno ndi uko. Ngongole ya ku HESLGB, bungwe la boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, mukhoza kufunsira kulikonse mwa kuwiriku, koma musamange bajeti yonse pa ndalama yomwe simunailandire.

Chachinayi, funsani za attachment. Wophunzira uinjiniya amayenera kukakhala kaye pa kampani asanamalize. Apa MUBAS ili ndi mwayi wa ukale: malikulu a ESCOM, EGENCO ndi Blantyre Water Board ali mumzinda womwewo, chipatala cha Queen Elizabeth chili pafupi zedi, ndipo m'maofesi ambiri mukapezamo munthu amene anadzera pa Poly. Ine sindiitenga nkhani imeneyi mopepuka, poti kuno kwathu khomo limatseguka msanga ukatchula kumene unachokera. Koma wa chemical wa ku MUST akafika ku mafakitale a shuga ku Nchalo kapena ku Dwangwa sapikisana ndi khwimbi, popeza ophunzira za mtundu wake ndi ochepa.

Chachisanu, kaoneni ndi maso. Zithunzi za pa Facebook zimaonetsa geti ndi kapinga. Pezani wa chaka chachitatu kapena chachinayi pa pologalamu yomwe mukuifunayo, osati wa chaka choyamba amene akadali m'chisangalalo. Mufunseni kuti m'labu amalowa kangati pa sabata, makina amawagwira okha kapena amangoonerera, ndipo mwa omwe anayamba nawo atsala angati. Funsaninso ngati omaliza pologalamuyo amalembetsa bwinobwino ku Malawi Engineering Institution, bungwe limene limalembetsa mainjiniya m'dziko muno. Mayankho alembeni papepala, mukawawerengere amalume aja madzulo, kenako fomu mudzaze nokha.