Mmene ndinathetsera vuto la mabuleki ofewa pa bwalo lothamangitsira magalimoto

Pa masiku amene kalabu yathu imabwereka bwalo kuti tithamangitse magalimoto, chopondera buleki chinkafewa ndikangozungulira kangapo, mpaka kutsala pang'ono kugunda pansi ndikamalowa pa kona, koma galimoto ikazizira chinkalimbanso. Ndinasintha mapadi, kenako ndinachotsa mpweya m'mapaipi, koma vutolo silinathe.

Gwero lake linali mafuta a mabuleki okhalitsa. Mafutawa amayamwa chinyezi, moti a mtundu wotchedwa DOT 4, amene akakhala atsopano sayenera kuwira asanafike madigiri 230 Celsius, akalowa madzi amatha kuwira pa madigiri 155, ndipo nthunzi yake ndi imene imachititsa kuti chopondera chizilowa pansi osagwira.

Ndinakhetsa mafuta onse ndi sipanala, kapaipi koonekera mkati ndi botolo, kuyambira pa tayala lakutali kwambiri ndi kathanki kosungira mafuta a mabuleki, mnzanga akupopa chopondera n'kuchigwira ndisanatsegule nati yotulutsira mafuta pa tayalalo. Chofunika kwambiri n'kupitiriza mpaka mafuta oyera opanda thovu atatuluka, uku mukuwonjezera m'kathanki kuti kasaume, chifukwa kakauma mpweya umalowanso. Ndinathira mafuta opirira kutentha kwambiri, a m'botolo losatsegulidwapo. Tsopano ulendo womaliza ndimayenda pang'onopang'ono kuti mabuleki azizire, ndipo ndikaima sindikoka handibuleki.