Kufulula mowa pakhomo kuno ku Salima: yambani ndi thobwa

Amene akufuna kuphunzira kufulula mowa ayambe ndi thobwa. Ndimawauza choncho onse ondifunsa, ngakhale anyamata amene aonera pa YouTube azungu akufulula m'mapoto onyezimira. Masese ndi thobwa lomwe mwalilola kupitirira, ndiye thobwa likakukanikani musataye nkhuni pa mowa.

Zonse zagona pa chimera. Ine ndimakonda cha mawere chifukwa cha fungo lake ndi kufiirira kwake, koma cha mapira kapena cha chimanga chimagwiranso. Mukamagula pa msika wa Kamuzu Road, tapani pang'ono mununkhize. Za chuku zisiyeni ngakhale zitchipe bwanji, pakuti poizoni wa chuku satha ndi kuwiritsa. Mbewu yopakidwa mankhwala yodzala kumunda ija isayandikire n'komwe mphika wanu.

Nyikani mawerewo usiku umodzi, mamawa muwatsanule, muwaike m'thumba lonyowa ndi kuwafunditsa pamthunzi. Kuno kunyanja kumatentha, choncho pa masiku 2 kapena 3 amakhala atatulutsa timizu toyera. Muziwawaza madzi pang'ono ndi kuwatembenuza, apo ayi pakati pamatentha n'kuyamba kununkha. Timizu tikatalika kuposa njere yake, yanikani padzuwa mpaka aume gwa, kenako kuchigayo.

Pa ndowa ya malita 20 ine ndimaika mgaiwa makilogalamu 2 ndi chimera kilogalamu imodzi ndi theka, chimene ndimachigawa pawiri. Phikani phala lamadzimadzi, lipse bwino, muphule.

Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa. Chimera chili ndi mphamvu yosandutsa ufa kukhala shuga, ndipo mphamvuyo imagwira bwino phala likakhala pa madigiri 60 mpaka 70. Mukathira phala lili lobwadamuka, mphamvuyo imafa, mutsala ndi phala wamba. Mukachedwa lizizire kwambiri, limasasa lisanatsekemere. Agogo athu analibe choyezera kutentha. Ankapisa chala chosamba: chikapirira pang'ono chabe n'kufuna kuchichotsa, nthawi yakwana. Thirani gawo loyamba la chimera mukutakasa ndi mthiko, ndipo muyang'anitsitse. Pasanathe mphindi zingapo mthiko umayamba kupepuka m'manja, phala lolimba lija limasungunuka, mtundu wake n'kufiira. Mukalawa, latsekemera chonsecho simunaike shuga. Zikapanda kutero, chimera chanu n'chakufa, ndipo kuonjezera shuga wa ku Dwangwa kumangobisa vutolo.

Vundikirani ligone. Mamawa wiritsaninso. Limenelo ndi thobwa, ndipo mukhoza kupatula la ana ndi la alendo osamwa mowa, amene kuno ndi ambiri.

Lotsalalo lizizire kotheratu, mulithire mu mbiya, muike chimera chotsala chija. Ngati muli ndi mnansi amene mowa wake ukuwira, pemphani chikho chimodzi muthiremo kuti wanu uyambe msanga. Mbiya yakale yofululira imathandiza chifukwa yisiti amatsalira m'dothi lake, n'chifukwa chake amayi ofulula sabwereketsa mbiya mwachisawawa. Ndowa yapulasitiki yatsopano ilibe vuto. Mgolo umene munali mafuta kapena mankhwala a thonje ayi, ngakhale muutsuke kangati. Pakamwa pa mbiya mangani nsalu yoyera, musatseke kotheratu, mpweya uzituluka. Amene amathira mowa wowira m'botolo n'kumanga chitsekerero amadzidzimuka usiku litaphulika.

Tsiku lotsatira muyamba kumva phokoso la tinthovu. Mu Okutobala, pamene kuno kumapitirira madigiri 30, masiku 2 amakwana. Mu Juni, mwera ukuwomba, udikireni tsiku lina kapena awiri. Kalendala isakunamizeni, lawani: kutsekemera kukachepa, kowawasa pang'ono kukabwera, ndipo ukuluma lilime, sefani. Umwedwe tsiku lomwelo kapena lotsatira, chifukwa masese saleka kuwira ndipo mukauchedwetsa umasasa. Chibuku wa m'paketi nayenso ndi wamoyo chomwechi, n'chifukwa chake paketi yake imapuma.

Mukazolowera, sinthani chinthu chimodzi pa ulendo uliwonse kuti mudziwe chimene chasintha kakomedwe. Chimera cha mapira chimapereka mowa wowawirako. Cha chimanga n'chopepuka, ine ndimachiona chozizira mkamwa. Mukakazinga pang'ono gawo lina la mawere mpaka lidere, mowa umada ndi kununkhira utsi, ndipo ndi nzeru yomweyo imene amadetsera Stout, kungoti a ku fakitale amakazinga balere. Musakazinge chimera chonse, moto umapha mphamvu ija.

Tsono za mowa woyera wa m'botolo. Green ndi Kuche Kuche ndi mtundu wa lager, umene fakitale ya Carlsberg inayamba kufulula ku Blantyre mu 1968. Yisiti wa lager amafuna kuzizira, pafupifupi madigiri 10, kwa masabata angapo. Ku Salima popanda firiji ndi magetsi okhazikika, iwalani. Mtundu wa ale ndiwo wotheka, chifukwa yisiti wake amagwira pa madigiri 18 mpaka 22, koma muufulule mu Juni kapena Julayi, ndowa itakhala m'beseni la madzi ndi thumba lonyowa pamwamba. Pamafunikanso chimera cha balere ndi hops, timaluwa timene timapatsa mowa kuwawa ndi kuuteteza kuti usasase msanga. Zimenezi mudzachita kuitanitsa kunja, ndipo ndalama yake ikhoza kukufululirani masese kangapo. Yisiti wophikira mandasi amawiritsa ndithu, koma mowa wake umanunkha buledi.

Kachasu ndi ntchito ina, yotcheza ndi moto ndi mipope, ndipo sindiphunzitsa munthu. Ngati mukuganiza zogulitsa masese anu, pitani kaye ku khonsolo mukafunse za chilolezo musanaike mabenchi pabwalo.