Mmene ndimayesera anyamata a baseball asanafike ku ligi yaikulu

Ine baseball ndinaidziwira kwa alamu anga amene amakhala ku Pennsylvania. Usiku wina kumapeto kwa Epulo 2017 anandidzutsa pafoni kuno ku Kabwata, mawu akunjenjemera, kuti mwana wa ku South Africa, Gift Ngoepe, walowa m'bwalo atavala yunifomu ya Pittsburgh Pirates. Ndiye anali munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu Major League, ligi yaikulu ya baseball ku America. Koma chimene chinandigwira mtima n'chakuti anasaina mu 2008, n'kukhala zaka zoposa 8 m'matimu apansi akudikira tsiku limenelo. Kuyambira pamenepo ndimasunga kope la anyamata amene akukula kumeneko, ndipo anzanga amene mwakhala mukundifunsa kuti ndimaona chiyani, nazi.

Yambani mwadziwa makwerero. Matimu a Major League alipo 30, ndipo kuyambira 2021 iliyonse ili ndi matimu anayi apansi, kuchokera pansi kupita pamwamba: Single-A, High-A, Double-A ndi Triple-A. Pansi pa amenewa pali maligi a ongoyamba kumene ku Arizona, Florida ndi Dominican Republic. Kwa ife a kum'mawa, iyi ndi nazale: mbande zimafesedwa zambiri, zowokeredwa kumunda n'zochepa.

Ndikatsegula tsamba la mnyamata pa mawebusaiti a manambala a osewera, Baseball-Reference kapena FanGraphs, sindithamangira ma home run, kumenya mpira mpaka kudumpha mpanda wa bwalo. Ndimayamba ndi tsiku lake lobadwa. Amene munaonerako mpira wa ana pa mabwalo afumbi a ku Matero kapena Chawama mukudziwa kuti wazaka 17 akalowa pakati pa azaka 13 amagoletsa mmene afunira, koma zimenezo sizitiuza kanthu za mawa lake. Amene amatiimika tsitsi ndi kamwana kamene kakulimbana ndi akuluakulu popanda mantha. Ku baseball n'chimodzimodzi. Wazaka 24 amene akuphwanya mpira ku Single-A ndimangomulemba ndi pensulo. Wazaka 20 amene akungokwanitsa mwapakatikati ku Double-A ndimamuzunguliza ndi bolopeni yofiira. Juan Soto anayamba chaka cha 2018 ali ku Single-A, koma pofika Meyi anali kale ku Washington Nationals ali ndi zaka 19. Otere ndi osowa, koma akutiphunzitsa kuti msinkhu umalankhula mokweza kuposa manambala ena onse.

Chachiwiri, ndipo apa m'pamene ndimakhalitsa, ndi diso la womenya mpira. Ambiri amakopeka ndi batting average, nambala yosonyeza kuti pa maulendo ake omenya ndi kangati amapeza hit, kutanthauza kumenya mpira n'kufika pa base asanatulutsidwe: akaona .320 basi ati tapeza nyenyezi. Chikomekome cha mkuyu. Kumatimu apansi otchinga amalakwitsa kawirikawiri, mipira yofooka imadutsa, nambala n'kukwera popanda luso lenileni. Ine ndimayang'ana zinthu ziwiri zoyandikana pa tsambalo. China ndi strikeout, pamene womenya watuluka ataphonya kapena kulekerera mipira itatu yabwino. China ndi walk, pamene wakana kugwedezera ndodo mipira inayi yoipa n'kupatsidwa ulendo waulere wopita pa base yoyamba. Mnyamata amene akutuluka ndi strikeout katatu pa maulendo 10 alionse ali ku High-A amandidetsa nkhawa, chifukwa oponya a kumtunda ndi ochenjera kwambiri ndipo bowo limene aliona sadzasiya kulikumba. Koma amene ma walk ake akuyandikira ma strikeout ake ndiye kuti amauzindikira mpira ukangochoka m'dzanja la woponya. Mphamvu zimabwera thupi likakhwima. Diso ndi lovuta kuphunzitsa munthu atakula.

Funsaninso kuti akusewerera kuti. Ife a mu Lusaka tili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300, choncho nkhani ya mpweya wopepuka si yachilendo. Albuquerque ili pamwamba kuposa pamenepo, ndipo pamodzi ndi Reno, Salt Lake ndi Las Vegas ili mu Pacific Coast League, kumene mpira umauluka patali ndipo oponya amavutika. Womenya wa kumeneko muchotsereni pang'ono pa manambala ake, woponya mumukhululukireko. Ku Florida State League zimatembenuka: mpira suuluka kwambiri, ndiye home run iliyonse ya kumeneko ndi yolemera.

Oponya ndimawaopa kuwakonda. Liwiro limakopa, makamaka mukamva kuti wina akuponya mamailosi 98 pa ola, koma funso langa limakhala lakuti, kodi mpirawo ukupita kumene iye akufuna? Onani ma walk amene akupereka. Kenako onani ngati ali ndi mitundu itatu ya kaponyedwe, chifukwa wa mitundu iwiri nthawi zambiri amathera pa kulowa mphindi zochepa kumapeto kwa masewero. Ndiye pali chigongono. Opaleshoni yotchedwa Tommy John, imene inayamba kuchitidwa mu 1974, imachotsa munthu m'bwalo kwa chaka kapena kuposerapo, ndipo mayina angapo m'kope mwanga ali ndi mzere wopanda kanthu chifukwa cha imeneyi.

Mukamawerenga malipoti a akatswiri osaka osewera mudzaona manambala a pakati pa 20 ndi 80. Apa 50 sikutanthauza theka ngati kusukulu, akutanthauza kuti pa luso limenelo mnyamatayo angafanane ndi wosewera wamba wa Major League, zimene zili kale zazikulu. Amayesa kumenya, mphamvu, liwiro, kutchinga ndi mkono. Musanyoze kutchinga. Ngoepe sanali womenya woopsa, koma manja ake pakati pa bwalo ndi amene anamusunga zaka zonse zija.

Cholakwa chimene ndinachita nthawi yaitali chinali kufufuta dzina msanga. Mike Trout atakwezedwa koyamba mu 2011 anamenya .220 yokha pa masewero 40. Chaka chotsatira anamenya .326 ndi ma home run 30. Jackson Holliday, amene anasankhidwa woyamba pa onse pamene matimu ankasankha osewera atsopano mu 2022, atafika ku Baltimore mu 2024 anapeza ma hit awiri okha pa maulendo 34, n'kubwezedwa ku Triple-A. Masiku ano mnyamata akakwera kalasi ndimamupatsa miyezi iwiri ndisanalembe kanthu, ndipo chimene ndimafuna kuona n'chakuti mwezi wachiwiri ukuposa woyamba.

Masewero a 7 koloko madzulo ku New York amayamba 01:00 kuno, ndipo magetsi akapita kapena data ikatha palibe choonera. Ndiye ndimawerenga zotsatira m'mawa mu minibasi popita kutauni, Lamlungu n'kukhala pansi ndi kope kulemba msinkhu, kalasi, bwalo, ma walk ndi ma strikeout a aliyense. Patsamba loyamba pali David Matoma wa ku Uganda, woponya amene a Pirates anamusaina mu 2023. Liwiro ali nalo. Pafupi ndi dzina lake ndinajambula danga limodzi lalikulu la ma walk, ndipo ndi limene ndimayamba kudzaza sabata iliyonse imene waponya.