Momwe mungayambitsire ntchito yoteteza ana a kumidzi ku kunenepa kopitirira muyeso

Zakumwa zotsekemera ndi tokazinga ta m'mapaketi zinafika kale ngakhale kumidzi ya kutali. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2022 padziko lonse ana ndi achinyamata 160 miliyoni a zaka 5 mpaka 19 anali onenepa mopitirira muyeso, ndipo kunenepa kotereku kumatha kubweretsa matenda a shuga ndi BP akakula.

Yambani ndi kukumana ndi makolo, aphunzitsi ndi wazaumoyo wa m'deralo. Mukagwirizana, yezani ana.

Apa m'pamene ntchito yathu inasokonekera. Tinagula masikelo otsika mtengo kwa wamalonda wina amene analumbira kuti ndi a chipatala. Mwana yemweyo akakwera kawiri, manambala ankasiyana, mpaka mayi wina tinamuuza kuti mwana wake wanenepa kwambiri pamene anali bwinobwino. Amalonda otere musawakhulupirire msanga. Musanalipire, ikani chigubu cha madzi a malita 5 pa sikelopo: chizionetsa makilogalamu 5 ndi pang'ono chabe. Sikelo ikhale pamalo olimba, osapendekeka, osati pamchenga. Mwana avule nsapato, ndipo poyeza msinkhu zidendene zigunde khoma. Musagwiritse malire a akuluakulu a BMI, womwe ndi muyeso woyerekeza kulemera kwa munthu ndi kutalika kwake. Ana ali ndi matchati awoawo a WHO otengera zaka komanso ngati ndi mnyamata kapena mtsikana. Chofunikanso kwambiri, yezani mwana aliyense payekha. Akangosekedwa ndi anzake, mawa sabweranso.

Pa zakudya, yambani ndi zakumwa chifukwa sizifuna ndalama. Botolo la mamililita 330 la chakumwa chotsekemera limakhala ndi shuga pafupifupi magalamu 35, masipuni ang'onoang'ono oposa 8. M'malo mwake azimwa madzi. Onjezani masamba, nyemba, mazira ndi zipatso za nyengo yake, ndipo dimba la pasukulu limathandiza. Mwana musamumane chakudya, akukula. Ogulitsa tiyi ndi ufa "wochepetsa thupi" musawalole n'komwe kufika kwa ana.

Masewera: mphindi 60 tsiku lililonse kwa a zaka 5 mpaka 17. Mpira, chingwe, kuvina, kuthamangitsana, zonse zimawerengedwa, ndipo azisewera onse, osati onenepa okha.

Yezaninso pakatha miyezi ingapo, lembani m'kaundula, ndipo amene akupitirirabe kunenepa mupite naye kuchipatala.