Musanapereke ndalama ya poloti ku Lilongwe, yendani m'maofesi awa

Malo akusowa mu Lilongwe, ndipo mantha oti wina awatsogolera ndi amene amachititsa anthu kupereka mamiliyoni kwa munthu amene amudziwa dzulodzuloli. Madobadoba amazidziwa bwino zimenezi. Mukamva zoti "bwana, pali wina akubwera ndi ndalama masana ano," bwezani ndalamayo m'thumba muyambe kufufuza.

Choyamba, dziwani mwini nthakayo. Mumzinda muno malo ambiri ali m'manja mwa Unduna wa za Malo, Khonsolo ya mzinda wa Lilongwe kapena Malawi Housing Corporation, ndipo cha ku Lumbadzi kulinso a Airport Developments Limited. Wogulitsayo nthawi zambiri amakhala ndi lizi chabe, kutanthauza kuti malowo anangobwerekedwa kwa nthawi yoikika, kawirikawiri zaka 99. Mufunseni kuti malowo anawapeza bwanji, ndipo yankho lake likuuzani ofesi yoti mukagogode. Ngati ndi ku Kawale, Chilinde kapena Area 25, yambirani ku khonsolo. Wina akakuuzani kuti anapatsidwa ndi mfumu pakati pa mzinda, chenjerani, chifukwa mafumu a m'tauni alibe mphamvu yogawa malo a boma kapena a khonsolo.

Kenako tengani fotokope ya mapepala onse: title deed (chikalata cha umwini) kapena kalata yomwe wogulitsayo anapatsidwira malowo, mapu a poloti, malisiti olipirira lendi ya malo, ndi chiphaso chake cha unzika. Dzina likhale limodzi paliponse.

Apa ndiye pagona nkhani. Pitani nokha, kapena tumani loya wanu, ku ofesi yosunga kaundula wa malo mukapemphe chomwe amachitcha official search. Mumalipira ndalama pang'ono, ndipo amakupatsani pepala losonyeza dzina la mwini malo, nthawi imene lizi inayamba, ngati malowo anaikidwa chikole kubanki, komanso ngati wina anaikapo chiletso choti asagulitsidwe. Musalandire pepala limeneli kuchokera m'manja mwa wogulitsa. Masiku ano chidindo ndi siginecha amapanga pa kompyuta bwinobwino, moti title deed yabodza imaoneka yaukhondo kuposa yeniyeni. Chimene chili m'kaundula ndicho khoti limagwiritsa ntchito, osati chimene chili mu envulopu ya dobadoba.

Dzina la m'kaundula likakhala la munthu womwalira, funsani makalata a kukhoti osonyeza amene anapatsidwa mphamvu yoyendetsa chuma cha masiyecho, malinga ndi lamulo la chuma cha masiye la 2011. Mwana woyamba kubadwa kapena malume sangagulitse poloti chifukwa chongoti ndi wamkulu pabanjapo. Likakhala la anthu awiri, onse asayine. Ngakhale dzina likhale la bambo okha, ndi bwino kuti mayi a kunyumba adziwe ndipo asayine ngati mboni, chifukwa milandu yambiri imabuka banja likagwedezeka.

Mapepala akakhala bwino, pitani pamalopo ndi saveya wovomerezeka akakusonyezeni mabikoni. Ndi timiyala tasimenti tokwiriridwa m'makona a poloti, nthawi zina tobisika m'maudzu kapena pansi pa mpanda wa neba. Poloti yomwe akuloza ndi chala ingathe kusiyana ndi ya papepala. Yang'ananinso mawaya a ESCOM, mapaipi a Lilongwe Water Board ndi malire a msewu. Malo a m'mphepete mwa Lingadzi kapena mtsinje wa Lilongwe amaoneka okongola m'chilimwe, koma afunseni a ku Mtandire zimene madzi amachita nthawi ya dzinja. Chezaninso ndi aneba wogulitsa palibe. Mayi wogulitsa tomato pakona angakuuzeni kuti poloti imeneyo anthu ena anabwera kale kudzathirapo mchenga.

Dutsaninso ku khonsolo, ku gawo loona mapulani a mzinda, mumve ngati malowo ndi omangapo nyumba zogona. Ena ndi osungira sukulu, msika kapena msewu, ndipo mukamanga amadzagumula.

Kunja kwa malire a mzinda, monga cha ku Mpingu, Chitipi kapena Nanjiri, malo ambiri ndi a makolo. Kalata ya nyakwawa yokhala ndi chidindo ndi poyambira chabe, si umwini wokwanira. Lamulo la malo a makolo la 2016 linakhazikitsa makomiti oyang'anira malo oterewa, otsogozedwa ndi gulupu. Kumanani ndi akubanja onse, makamaka mbumba ndi mwini mbumba, popeza kuno kwathu munda nthawi zambiri umayendera kuchikazi. Kenako mufunse kwa DC ndi kwa a za malo ngati malowo angagulitsidwe n'komwe, ndi njira yowalembetsera m'dzina lanu.

Mukakhutira, loya alembe mgwirizano wogulitsana. Mulembedwe nambala ya poloti, kukula kwake, mtengo, kalipiridwe, amene alipire ngongole zakale za lendi ya malo ndi msonkho wa khonsolo, komanso zoti ndalama yanu idzabwezedwa ngati umwini ukanika kusintha. Loyayo akhale wanu, osati wobwera ndi wogulitsa, ndipo mutha kufunsa ku Malawi Law Society ngati ali ndi chilolezo chogwirira ntchito chaka chino. Lipirani kudzera kubanki, mu akaunti ya dzina lomwe lili pamapepala, ndipo musapereke yonse nthawi imodzi.

Ambiri amalekera pomwepa n'kuyamba kuumba zidina, pamene m'kaundula mwini malo akadali wakale uja. Malo a lizi amafuna chilolezo cha eni nthaka asanasinthe dzina. Pamafunikanso chikalata cha MRA chosonyeza kuti wogulitsa alibe ngongole ya msonkho, kulipira msonkho wa stamp duty, kenako kulembetsa kusinthako ku ofesi ya kaundula. Zikatha, pemphaninso search ina. Ndalama yotsala ija muipereke mukaona dzina lanu papepala limenelo, ndipo musanakumbe fawundeshoni, tengani pulani ya nyumba ku khonsolo akaivomereze.