Komiti yoteteza ana idziwe njira ya kuchipatala madzi asanabwere

Chaka china m'mwezi wa Febuluwale, mayi wina wa Mother Group, gulu la amayi othandiza atsikana pasukulu, anandiitana kumudzi wina wa kutsidya kwa Shire. Mtsikana wa Sitandade 5 anali atagwiriridwa ndi bambo wa pamudzi pomwepo. Pamene ndimafika n'kuti patatha sabata ndi masiku awiri. Nkhani inali itakambidwa kale pansi pa mtengo wa masawu, wolakwayo atalipa mbuzi ziwiri ndi thumba la mapira, akuluakulu atagwirana chanza. Mbuzizo ndinaziona ndi maso angawa, zitamangidwa pachikhomo kuseri kwa nyumba. Mwanayo anali pakhonde, atadzifunditsa chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo, osayankhula ndi munthu. Kuchipatala sanapite naye.

M'mudzimo komiti yoteteza ana inalimo ndithu. Mayina khumi anali m'kope, wapampando, mlembi, msungichuma, onse. Koma panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankadziwa choti achite usiku woyamba uja. N'chifukwa chake ndikulembera inu mafumu athu, a makomiti, aphunzitsi ndi amayi a m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje: komiti isayambe ndi maudindo, iyambe ndi funso loti mwana akapwetekedwa lero usiku, amunyamula ndani, pa chiyani, kupita naye kuti.

Mwana akagwiriridwa, tili ndi maola 72, kutanthauza masiku atatu. M'nthawi imeneyi achipatala amatha kumuyambitsa mankhwala a PEP oteteza ku kachilombo ka HIV, ndipo ngati ndi mtsikana wotha msinkhu amamupatsanso mankhwala oletsa kuti mimba isakhale. Masiku atatuwo akadutsa, PEP sathandizanso. Madzi akatayika sawoleka. Choncho musadikire kuti amalume ake abwere kuchokera kudimba, musadikire kuti bwalo likhale Loweruka. Nyamukani. Ngati n'kotheka mwanayo asasambe kaye, ndipo zovala zimene anavala musazichape. Zikulungeni m'pepala, osati m'jumbo, chifukwa kutentha kwathu kuno chinthu chachinyezi chikatsekeredwa m'pulasitiki chimaonongeka msanga. Koma ngakhale atasamba kale, ngakhale masiku atapitirira, pitani nayebe. Pali mabala ndi matenda ena ofunika kuchizidwa, ndipo zimene adokotala alemba ndi umboni kukhoti. Kupolisi funsani ofesi ya Victim Support Unit, ndipo dziwitsani mlangizi woteteza ana wa m'dera lanu kapena ofesi ya Social Welfare kuboma. Nambala ya 116 ndi yaulere, mumaimba ngakhale foni ilibe mayunitsi.

Mafumu athu, ndikulankhula mwaulemu. Popanda inu ntchito iyi siingayende, pakuti anthu amamva inu kuposa ife obwera panjinga yamoto. Koma kugwirira mwana si mlandu wa ng'ombe yodya m'munda wa mnzako. Ndi mlandu wa boma, ndipo chilango chake chimatha kufika pokakhala kundende moyo wonse. Lamulo la 2010 loona za chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana limapereka udindo kwa achibale, achipatala, olera ana ndi anthu a m'mudzi kuti akanene akadziwa kuti mwana akuzunzidwa. Ntchito ya amfumu ndi kutsegula njira, kuteteza banja lodandaula kuti lisaopsezedwe, ndi kuonetsetsa kuti woganiziridwayo sanaoloke malire kupita ku Mozambique usiku, monga zimachitikira m'midzi ya m'malire. Mbuzi ikalandiridwa, mwana amaphunzira kuti ululu wake uli ndi mtengo, ndipo wolakwayo amaphunzira kuti angathe kulipiranso.

Za ukwati nazo n'zomveka. Lamulo la maukwati la 2015 linaika zaka 18, ndipo mu 2017 Nyumba ya Malamulo inasintha malamulo aakulu a dziko lino kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, ngakhale makolo atavomereza ukwatiwo. Chovuta kwathu kuno, makamaka m'mabanja olowola, ndi malowolo. Ndaona maukwati a ana atathetsedwa pamaso pa gulu, anthu n'kuomba m'manja, koma patatha mwezi mtsikana wabwerera kwa mwamuna chifukwa ng'ombe kapena ndalama zinadyedwa kale nthawi ya njala ndipo atate ake alibe chobweza. Komiti imene ikuthetsa ukwati ikhale pansi ndi mabanja onse awiri pamaso pa amfumu n'kumaliza nkhani ya malowolo tsiku lomwelo, mwanayo asakhale chikole.

Nanga mukomiti mukhale ndani? Ine ndimalangiza anthu osapitirira khumi, theka akhale amayi. Mukhale mayi wa Mother Group, mphunzitsi, mlangizi wa zaumoyo, mlezi wa sukulu ya mkombaphala, wa chitetezo cha m'mudzi, mtsogoleri wa chipembedzo, namkungwi, ndi achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana, poti ana amauzana okhaokha zimene sangauze wamkulu. Anamkungwi musawasiye kunja. Miyambo ngati kusasa fumbi siitha powanyoza pamsonkhano, imatha iwo eni akakhala mbali yathu. Ndipo pali munthu amene makomiti ambiri amamuiwala: wakabaza wodalirika, ndi kwa inu a ku Makhanga, kwa Nyachikadza ndi madera ena ozunguliridwa ndi madzi, mwini bwato. Ameneyu ndiye amasandutsa maola 72 kukhala chinthu chotheka. Gwirizanani naye mtengo pasadakhale, ndipo musunge kathumba ka mayendedwe. Magulu a banki mkhonde akhoza kupatulako pang'ono m'thumba lawo la zadzidzidzi. Chinanso, komiti isadzaze ndi anthu a mtundu umodzi. Tsiku lina woganiziridwa adzakhala mphwake wa wapampando, ndipo padzafunika wina wotha kuyankhula.

Mwana akayamba kuulula, amvetsere munthu mmodzi yekha amene mwanayo amamukhulupirira, pamalo poduka mphepo. Musamufunse kuti "Nanga iwe umakatani kumeneko?" Muuzeni kuti, "Wachita bwino kundiuza, mwanangu. Si iwe wolakwa." Musamulonjeze kuti simuuza aliyense, muuzeni zoona kuti mudziwitsa anthu ochepa okha oti amuthandize. Asafotokoze nkhani yake kwa amayi, kenako kwa agogo, kenako kwa komiti yonse, kenako pabwalo. Kubwereza kulikonse kumatukula chilonda. Anyamata nawonso amagwiriridwa, ndipo amabisa kwambiri chifukwa cha manyazi. Wa m'komiti amene akatulutse nkhani ya mwana pamjigo kapena pamowa achotsedwe, osanyengerera.

Komabe ntchito yambiri ya komiti ili pa ana amene sanapwetekedwe koma ali m'mphepete mwa dzenje. Muwadziwe. Ana okhala okha makolo atamwalira kapena atapita kukasaka maganyu, anyamata aang'ono oweta ng'ombe za eni kutali ndi kwawo, atsikana ogulitsa mandasi ndi nsomba mpaka usiku pa Nchalo, pa Ngabu kapena pa Bangula, ana olumala, ana achialubino, ndi mwana aliyense amene wajomba kusukulu sabata yathunthu. Mphunzitsi akangoona kuti mpando wakhala wopanda munthu masiku asanu, auze a Mother Group akaone kunyumba. Nthawi zambiri mudzapeza njala, banja likudya nyika, mizu ija ya m'madzi, ndipo apo mpofunika kulilumikiza ndi a komiti ya chitukuko cha m'mudzi (VDC) komanso a Social Welfare kuti aone ngati lingalowe m'thandizo ngati la Mtukula Pakhomo. Nthawi zina mudzapeza kuti zokambirana za ukwati zayamba kale. Kaundula wa ana otere asungidwe ndi munthu mmodzi m'bokosi lokhoma. Limbikitsaninso makolo kusunga bwino kadi la kusikelo ndi chiphaso cha kubadwa, pamwamba pomwe madzi sangafike, chifukwa kukhoti funso la zaka za mwana limabwera, ndipo kuloza kutalika kwake si umboni.

Tsopano za madzi. Ife a kuchigwa sitifunika kukumbutsidwa za Januwale 2015, za namondwe wa Idai mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023. Nthawi zonsezi anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi, mabanja ambirimbiri m'kalasi imodzi. Kumsasa ndi kumene mwana amakhala pachiopsezo chachikulu, pomwenso misewu yaduka ndipo akuluakulu onse maso ali pa ufa. Komiti ikhale pansi mu Okutobala kapena Novembala, mvula isanayambe, igawane ntchito: tikathawira pasukulu yakutiyakuti, ndani adzalemba ana ofika opanda makolo tsiku loyamba lomwelo, ndani adzagona m'chipinda cha atsikana. Amuna agone kwaokha, amayi ndi ana kwaokha. Zimbudzi za amayi zikhale mbali ina, ndipo njira yake ikhale ndi nyale, ngakhale tochi ya sola yomangirira pamtengo. Atsikana asapite okha kukatola nkhuni. Polemba mayina ndi pogawa chakudya pakhale amayi a m'komiti akuona, ndipo zilengezedwe mokweza tsiku lililonse kuti thandizo ndi laulere, aliyense wopempha thupi la mwana kapena la mayi posinthana ndi thumba la ufa akanenedwe, kaya ali ndi udindo wanji. Manambala a foni a apolisi, achipatala ndi a mlangizi alembedwe papepala, anthu atatu osiyana asunge, chifukwa foni imagwera m'madzi ndipo batire limatha.

Mlandu ukapita kupolisi, ntchito yanu sinathe. PEP amamwa masiku 28 osadumphitsa, ndipo ana ena amawasiya panjira chifukwa amawachititsa nseru, makamaka m'mimba mukakhala mopanda kanthu. Mayi mmodzi wa m'komiti azidutsa pakhomopo mwakachetechete, ngati wongocheza, kuona kuti mankhwala akumwedwa ndipo kaphala kalipo. Tsiku la kukhoti wina aperekeze banjalo, ndalama ya ulendo ichoke m'kathumba kaja, poti milandu yambiri imafera panjira mboni zikalephera kufika kuboma. Ngati wolakwayo ndi wa m'nyumba momwemo, kambiranani ndi a Social Welfare za wachibale wodalirika woti asunge mwanayo. Mtsikana amene watenga mimba ali ndi mwayi wobwerera kusukulu akabereka. Pitani kwa mphunzitsi wamkulu mimba isanakule mukalembetse kuti malo ake asungidwe, ndipo mugwirizane ndi agogo kapena azakhali za amene adzatsale ndi khanda m'mawa uliwonse.