Momwe mungawerengere funso la chinthu choponyedwa pa Fizikisi

Mafunso a mwala woponyedwa kapena mpira womenyedwa amaopseza ophunzira ambiri a sekondale, ku Ulónguè ngakhale ku Moatize, chonsecho masamu ake ndi ochepa. M'mabuku a Chipwitikizi mutuwu umatchedwa lançamento de projécteis. Mfundo yake ndi imodzi: chinthu chikachoka m'manja chimayenda maulendo awiri pa nthawi imodzi, wina wopita kutsogolo, wina wokwera ndi kutsika, ndipo maulendowa sasokonezana. Chowalumikiza ndi nthawi basi. Galileo Galilei wa ku Italy anafotokoza zimenezi mu 1638, n'kuonetsa kuti njira yokhota imene chinthucho chimadutsa ndi parábola.

Choyamba, jambulani. Lembani pomwe chinthucho chayambira, pomwe chikagwere, ndi manambala onse amene mwapatsidwa. Liwiro likakhala mu km/h, ligaweni ndi 3,6 kuti likhale mu m/s. Dziko limakokera chilichonse pansi, ndipo liwiro la chinthu chakugwa limawonjezeka ndi 9,8 m/s pa sekondi iliyonse. Imeneyi ndiyo g. Mafunso ambiri amalola 10, ndipo pano tigwiritsa ntchito 10 yemweyo, koma inu tsatirani zimene funso lanena.

Chachiwiri, gawani liwiro loyambira pawiri. Ngati chinthu chaponyedwa pa liwiro v ndi ngodya θ kuchokera pansi, gawo lopita kutsogolo ndi vx = v·cos θ, lokwera ndi vy = v·sen θ. Musanadinde batani la sin (ndiye sen yemweyo), onetsetsani kuti kalikuleta ili pa DEG, kutanthauza madigiri. Yesani ndi 30: ikakupatsani 0,5 ili bwino, ikakupatsani −0,988 ndiye kuti ili pa RAD, muyeso wina wa ngodya, ndipo mayankho anu onse apita kutchire.

Chachitatu, ulendo uliwonse uuwerengere paokha. Kutsogolo palibe chokankha kapena chobweza, poti mphepo timaisiya kunja kwa funso, choncho vx sasintha ndipo mtunda ndi x = vx·t, pomwe t ndi nthawi. Kokwera ndi kotsika n'komwe g akugwira ntchito: liwiro pa nthawi iliyonse ndi vy − g·t, ndipo kutalika ndi y = vy·t − ½·g·t². Pezani nthawi pa ulendo wokwera ndi kutsika, kenako muitengere ku ulendo wa kutsogolo. Mafunso ochuluka amathera pomwepo.

Tiyese. Lole yochokera ku Tsangano ikuthamanga pa 72 km/h kupita mumzinda wa Tete, ndipo thumba la mbatata ya kachewere laterereka pa kutalika kwa mamita 1,8. Liwiro ndi 72 ÷ 3,6 = 20 m/s, lonse lopita kutsogolo, ndiye vy ndi 0. Kugwa kwake: 1,8 = ½·10·t², kutanthauza t² = 0,36, t = 0,6 s. Kutsogolo: x = 20·0,6 = mamita 12. Thumbalo siligwera pomwe laterereka, limatengana ndi lole mamita 12 lisanagunde phula. Onaninso kuti kulemera kwa thumba sikunalowe paliponse. Kaya ndi makilogalamu 50 kaya mbatata imodzi, nthawi ndi yomweyo. Funso likakupatsani kulemera pa mutu umenewu, kawirikawiri ndi msampha chabe.

Tsopano la ngodya, lomwe ndi lokondedwa pa mayeso. Goloboyi wamenya mpira pa 25 m/s, ngodya 37°. Tengani sen 37° = 0,6 ndi cos 37° = 0,8. Ndiye vx = 20 m/s, vy = 15 m/s.

Mpira umakwera mpaka liwiro lokwera litatha: 15 − 10·t = 0, t = 1,5 s. Apa ndi pomwe ambiri amapunthwa. Amalemba kuti pamwamba penipeni liwiro la mpira ndi 0. Ayi ndithu. Latha ndi lokwera lokha, mpirawo ukupitabe kutsogolo pa 20 m/s, ndipo mukafunsidwa liwiro la pamwamba yankho ndi limenelo. Kutalika kwake pa nthawiyo ndi y = 15·1,5 − 5·(1,5)² = 22,5 − 11,25 = mamita 11,25. Poti bwalo ndi lathyathyathya, kutsika kumatenga nthawi yofanana ndi kukwera, ndiye ulendo wonse ndi masekondi 3, ndipo mpira ugwera pa 20·3 = mamita 60.

Ilipo njira yachidule, x = v²·sen 2θ ÷ g, ndipo imaperekanso 60. Imaonetsa zinthu zokoma: 37° ndi 53° amafika mtunda wofanana poti akaphatikizidwa amakwana 90°, ndipo 45° ndiye amafika patali koposa, pano mamita 62,5. Koma ine sindiikonda kwa wongoyamba kumene. Imagwira ntchito pokhapokha chinthu chikagwera pa mulingo womwe chinachokera, ndipo woloweza amaiika paliponse.

Taonani chimene chimachitika mpira womwewo ukamenyedwa pamwamba pa thanthwe la mamita 20, monga matanthwe a m'mapiri a Angónia, n'kukagwera kunsi. Poyambira titenge ngati 0, kukwera kukhale +, ndiye pogwera ndi y = −20. Chizindikiro cha − chimenechi musachiiwale. Tilemba −20 = 15·t − 5·t². Gawani zonse ndi 5, musamutse: t² − 3t − 4 = 0, yomwe ndi (t − 4)(t + 1) = 0. Mayankho ndi 4 ndi −1. Nthawi siingakhale yochepera 0, ndiye titenga masekondi 4, ndipo x = 20·4 = mamita 80. Njira yachidule ija ikanakupatsani 60, yankho lolakwika.

Mukafunsidwa liwiro logundira pansi, pezani magawo awiri aja pa nthawi yomaliza. Lotsika ndi 15 − 10·4 = −25 m/s, la kutsogolo likadali 20. Musawaphatikize mwachindunji kuti 45. Gwiritsani ntchito lamulo la Pitágoras: 20² + 25² = 1025, ndipo muzu wake (√1025) ndi pafupifupi 32 m/s.

Chomaliza, yankho lililonse likhale ndi m, s kapena m/s, poti aphunzitsi amadula malikisi pa nambala yopanda muyeso. Kenako lifunseni ngati likumveka. Mpira wa goloboyi ukatuluka mamita 600, bwererani pa liwiro, mwina mwasiya km/h osasintha. Pa bwalo lenileni mpira umagwa usanafike pomwe masamu anena chifukwa mphepo imaubweza, koma pa pepala la mayeso musaiwerengere pokhapokha funso litaitchula.